Kuyeza BP munthu atagona chammbali

Nambala imene makina a BP (kuthamanga kwa magazi) amaonetsa imatengera pamene mkono uli poyerekeza ndi mtima. Magazi nawo amalemera. Mkono ukakhala masentimita 10 pamwamba pa mtima, BP imaoneka yotsika ndi 7 kapena 8 mmHg (muyezo wa BP), ndipo ukakhala pansi ndi mlingo womwewo, imaoneka yokwera.

Kuti mudzionere nokha, mnzanu agone chagada mphindi 5 osalankhula. Mangani lamba wa makina masentimita 2 kapena 3 pamwamba pa chigongono, pakhungu osati pa juzi. Popani mpaka kugunda kwa pamkono kuzimiririke, onjezani 30 mmHg, kenako tulutsani mpweya pang'onopang'ono, 2 mmHg pa sekondi. Yezani mikono yonse iwiri asanatembenuke, poti ena mikono yawo imasiyana kale. Tsopano agonere kumanzere. Pakatha mphindi zingapo yezani mkono wakumanja, umene uli pamwamba, ndipo ndi tepi onani kutalika kuchokera pakati pa fupa la pachifuwa, pamene pali molingana ndi mtima, kufika pakati pa lamba. Poyeza mkono wapansi, autulutsire kutsogolo, chifukwa thupi likapanikiza lamba kapena kapaipi kake, nambalayo ndi yabodza.

Nkhaniyi imakula kwa amayi oyembekezera. Mimba ikadutsa masabata 20, timawagoneka chakumanzere kuti chiberekero chisapanikize mtsempha waukulu wobwezera magazi ku mtima. Mkono wosavuta kuufikira umakhala wakumanja, wapamwambawo, ndipo apa mpamene ambiri amaphonya. BP yeniyeni ya 140/90 ikhoza kuoneka ngati 130/80, mayi n'kubwerera kwawo vuto lisanadziwike. Ngati angathe kukhala tsonga, akhale, mkono utatsamira patebulo molingana ndi mtima. Ngati sangathe, lembani m'buku mkono umene mwayeza ndi mmene anagonera.

Palinso njira yoonera ngati magazi akufika bwino m'dzanja: kanikizani chikhadabo masekondi 5, siyani, ndipo kufiira kubwerere pasanathe masekondi 2. Koma kuno ku Mzuzu, m'mawa wa mu Juni ndi Julayi, zala zimazizira ndipo timitsempha timafinyika, choncho kufiira kumachedwa ngakhale munthu ali bwinobwino. Funditsani dzanja kaye.

Dzanzi la mkono wogonedwera lisakusokonezeni. Kawirikawiri limabwera chifukwa chopanikiza minyewa yonyamula mauthenga kupita ku ubongo, ndipo mukagwira pamkono mumapeza kugunda kulipo ndithu.