Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Funso la pa Khonde la ku Ndirande

Nditasiya uphunzitsi, ndinapeza ganyu pa kafukufuku wa thanzi la m'maganizo konkuno ku Blantyre. Anandipatsa mafunso 30 otchedwa MCQ-30, amene akatswiri a za maganizo, Adrian Wells ndi Samantha Cartwright-Hatton, anatulutsa mu 2004 atafupikitsa mafunso 65 a mu 1997. Mafunsowa safuna kudziwa chimene chikukudetsa nkhawa ayi. Amafufuza zimene umakhulupirira pa nkhawayo: kaya umaiona ngati yothandiza, kaya umaopa kuti siingaletseke ndipo ikuvulaza, kaya mutu wako umaudalira pokumbukira zinthu.

Ine ndinawaika m'Chichewa. Mnzanga amene sanaone oyambirirawo anawabwezera m'Chingerezi, ndipo titafananiza, zinagwirizana. Tinakondwa, osadziwa kuti pepala silitsutsa.

Kenako anatituma kukawayesa pa anthu. Ndikawerenga funso, munthu azilinena m'mawu akeake. Ku Ndirande ndinakhala pa khonde la agogo ena ogulitsa makala, n'kufika pa funso lakuti nkhawa imathandiza kupewa mavuto a m'tsogolo. Ine ndinali nditalemba kuti "kuganizira".

"Mdzukulu wanga, wosaganizira za mawa amagona ndi njala," anatero. "Lemba kuti ndavomera kwambiri."

"Nanga agogo, kuganiza kuja kokusowetsani tulo?"

"Aa, kumeneko n'kwina! Kumeneko ndi kuganiza kwambiri, kumaonda nako munthu."

Ndinaika cholembera pansi. Mawu amodzi anga aja anali atasenza zinthu ziwiri: nzeru za mayi wosunga ufa wa mawa, ndi ululu wa munthu amene maganizo amuzinga. Tikanawasiya choncho, pafupifupi aliyense akanavomera, ndipo powerengera zikanaoneka ngati anthu a kuno amaikonda nkhawa. Limenelo likanakhala bodza lonenera anthu anga, lochokera m'dzanja langa. Tinasintha n'kulemba "kuda nkhawa", ndipo tinabwereranso kwa anthu.

Mayankho nawo anativuta. Alipo anayi, kuyambira kukana mpaka kuvomera kwambiri, koma akuluakulu ambiri ankangoti eya kapena ayi. Tinajambula makapu anayi, yopanda madzi mpaka yodzaza, n'kumawapempha kuloza.

Tsiku lina madzulo, mu minibasi yopita ku Limbe, ndinatulutsa pepala lotsala n'kuyamba kudziyankha ndekha. Chimwalirireni bambo, ndinkadzuka pakati pa usiku n'kumaganiza za amayi ndi matenda awo a shuga. Mumtima ndinkakhulupirira kuti ndikangoleka kuda nkhawa, amayi agwa ine ndisakuyembekezera. Sindinauzepo munthu, ngakhale achemwali anga.

Pa funso la agogo lija ndinachonga kapu yodzaza. Kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti tafika, ine maso ali papepala.

Sabata yotsatira ndinapita kukagogoda pa chitseko cha namwino wa m'kafukufukuyo. Zimene tinakambirana ndidzakuuzani mu Gawo 10.