Buku la Dziwazako latha: zikomo nonse amene munajambula nane

Abale ndi alongo, buku la makatuni lija latha. Tsamba lomaliza la nthano ya galu wathu Dziwazako ndalidetsa ndi inki sabata yathayi kuno ku Senga Bay, ndipo masamba onse ali kwa osindikiza ku Lilongwe. Pachikuto padzakhala dzina limodzi, koma inu amene mwakhala mukulandira tsamba ndi tsamba pa foni mukudziwa kuti agwirapo ndi ambiri. Ndiye ndati ndithokoze pagulu, poti ngongoleyi ndinaitenganso pagulu.

Ndiyambe ndi inu amene munatumiza zithunzi za agalu anu. Ndinangopempha kamodzi, koma foni inadzaza mpaka kumakana kulandira zina. Zinachokera ku Chipoka, ku Lifidzi, ku Khombedza, ku Thavite, zina mpaka ku Benga ndi ku Dwangwa. Zambiri zinali zosaoneka bwino, galu atatembenuka kapena mwana atatchinga theka la chithunzi, koma n'zimene zinandipatsa galu weniweni wa kwathu kuno: wofiirira, wa mphuno yaitali, mchira wopindikira kumsana, m'mphepete mwa makutu muli zipsera za ntchentche. Chithunzi chimodzi ndinachikhomera pakhoma. Galu wakumba kadzenje mumchenga kunsi kwa thandala la usipa, wagoneka mimba ponyowapo, diso limodzi lili kwa amayi amene akutembenuza nsomba, lina lili kwa kamtengo kamene amayiwo ayedzeka pambali. Galu ameneyu akudziwa malire ake, ndipo akudziwanso kuti usipa umagwa. Dziwazako yense anachokera pachithunzi chimenechi.

Dzinalo linachokera kwa agogo ena a ku Khombedza, amene mdzukulu wawo anawajambula mawu n'kunditumizira. Anafotokoza kuti kale galu ankamutcha dzina loti lipite kwa munthu. Mnansi akachulutsa miseche, iwe sukangana naye, umangotcha galu wako dzina, kenako madzulo aliwonse n'kumaitana mokweza pabwalo uku mwini uthengayo akumva kuseri kwa mpanda. Agogo, ndinaseka mpaka kutsokomola, ndipo mutu wachitatu wonse unabadwira pamenepo. Agalu enawo, Ndilekeni ndi Mwandionanji, mayina awo munasankha ndinu owerenga. Amene munkafuna Tiger musadandaule, alipo, ndi uja wa kuloji amene amadya mpunga n'kumanyoza anzake a phala la madeya.

Asodzi a pagombe pano, zikomo. Munandikhazika pansi n'kundionetsa mmene ukonde wa chilimira amauponyera, pamene siginala, munthu wokopa nsomba usiku, amakhala ndi nyali zake, ndi mmene nyanja imasinthira nkhope mwera ukayamba mu June. M'bale wina anandiuza kuti masiku a mwera agalu a pagombe amaonda, chifukwa mabwato akakhala kumtunda nawonso alibe chotola. Zimenezi munthu sangazipeke ali pa tebulo.

Koma pamene tinalimbana kwenikweni ndi pa mutu wa chiwewe. Nditaonetsa tsamba limene galu wachilendo akuluma kamnyamata Dziwazako ali pomwepo, gulu linagawikana. Ena munati buku la ana lisakhale ndi zoopsa zotere. Ena munati galu woluma aphedwe patsamba lotsatira basi, nkhani ithe. Mayi wina analemba mawu ochepa chabe, kuti kwawo anaika maliro a mwana chifukwa cha kabala kakang'ono kamene aliyense anati n'kosadetsa nkhawa. Mayi, sindikutchulani, koma mutuwo unatsala m'buku chifukwa cha inu.

Apa m'pamene anatulukira alangizi a ziweto ndi anamwino awiri amene ankawerenga mwakachetechete. Anandiunikira kuti bala la galu liyenera kutsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako munthu athamangire kuchipatala tsiku lomwelo kukayamba katemera, chifukwa zizindikiro za chiwewe zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Ndiye ndinapereka masamba awiri athunthu kwa mlongo wake wa kamnyamatako akutsuka balalo pa mjigo. Sopo akuchita thovu, mwana akulira, azimayi a pamzere akudandaula kuti zidebe zawo zikuchedwa, iye osasiya. Mphindi 15 n'zazitali, ndipo ndinafuna kuti wowerenga atope nazo ngati mmene mlongoyo akutopera. Ena munati masambawo ndi ochedwa. Ndinamva, koma sindinachotse ngakhale kabokosi kamodzi.

Anandiuzanso kuti si galu aliyense wa chiwewe amene amachita nkhanza n'kumachucha dovu. Wina amangofooka, chibwano n'kulendewera, ana n'kumamumvera chisoni n'kumamugwira kukamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Chimenechi chinandiopsa kuposa zonse, ndipo ndinachijambula. Za Dziwazako, amene anamenyana ndi galu wachilendoyo, munakangana sabata yathunthu. Anapulumuka chifukwa mu mutu woyamba tinamuonetsa akubayidwa katemera pansi pa mtengo wa mango, atakulungidwa m'thumba la chimanga mutu wokha uli panja, ndipo alangizi anandiuza zoti achite naye pambuyo pa ndewuyo: abayidwenso, amangidwe, aziyang'aniridwa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Mwa anthu 10 alionse amene amafa nacho, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amasowa podutsa. Manambalawa ali kumapeto kwa buku, kuti aphunzitsi awapeze, koma m'nthanomo mulibe galu wolalikira. Ndinakana zimenezo. Mwana akamukonda Dziwazako, adzamufunsa yekha bambo ake kuti galu wa pakhomo anabayidwa liti.

Panali nthawi imene ntchitoyi inaima. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mapepala okhuthala ndi inki unathawa, ndipo ndinayamba kujambula kuseri kwa makalendala akale. Magetsi nawo ankazima nthawi imene munthu wakhala pansi. Sindinapemphe ndalama, ndinangolemba kuti masamba achedwa. Mawa lake mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba anayamba kulowa, pang'onopang'ono, ena ndalama yongokwana pensulo imodzi. Wina sanalembe n'dzina lomwe. Achimwene a kagolosale ka pa Kamuzu Road, amene munkandisungira mapepala n'kumati ndidzalipira zikadzayenda, zayenda, ndikubwera. Achemwali a saluni amene munkandilola kutchaja foni pa sola yanu, Mulungu akudalitseni.

Aphunzitsi a sitandade 6 amene munasindikiza masamba khumi ndi ndalama zanu n'kuwapatsa ana kuti awerenge mokweza, mayankho a anawo ndi amene anakonza zolankhula za m'buku. Pamene ana anapunthwa powerenga, ndinafupikitsa. Pamene anaseka mosayembekezeka, ndinakulitsa chithunzi. Kamtsikana kena kanafunsa chifukwa chimene agalu onse olankhula anali amphongo, ndiye Ndilekeni anasanduka wamkota wa ana asanu, ndipo ndiye amene amatsogolera gulu pothawa madzi osefukira. Paja galu wamkota sakandira pachabe.

Mayi a kunyumba, munapirira tebulo lodyera litasanduka ofesi, ana akudyera pamkeka, ndiponso nsalu yanu ija ya pa tebulo imene inki inaithera ntchito. Ndagula ina, ili m'chikwama, musandifunse mtengo.

Mabuku akafika ndidzalengeza. Cholinga n'choti ena afike m'masukulu a m'mphepete mwa nyanja lisanakwane tsiku la 28 September, limene dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Ena tidzagulitsa kuti tibweze za osindikiza. Kumapeto kwa buku ndasiya masamba awiri a mayina a agalu onse amene zithunzi zawo zinandithandiza, pamodzi ndi midzi yawo. Mayina a eni ake sindiika pokhapokha mwini atandiuza yekha. Ngati munatumiza chithunzi koma simunatchule dzina la galuyo, nditumizireni lisanafike Lachisanu, osindikiza akudikira masamba awiri okhawo.