Zikomo kwa onse amene munatiphikira mpaka kufika pa chinkhoswe chathu

Ine ndi mkazi wanga tikuthokoza makolo athu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, abale, anansi komanso anzathu a kutchalitchi ndi a kuntchito chifukwa cha chinkhoswe chathu chimene chinachitika Loweruka lapitali ku Area 25, mumzinda uno wa Lilongwe. Tinathokoza ndithu pa mkuzamawu tsiku lomwelo, koma ambiri mwa inu amene munagwira ntchito yaikulu munali pakalikiliki kuseri kwa nyumba, pa mafuwa, ndipo mawu athu sanakufikeni. N'chifukwa chake ndaona kuti ndi bwino kulemba kuti aliyense awerenge pa nthawi yake.

Woyendetsa mwambo anaseketsa anthu ponena kuti mnyamatayu sanakopeke ndi nkhope, anagwa ndi nkhwani wotendera, ndipo azakhali anga ena anawonjezera kuti mwina munali kondaine. Za kondaine ndikukanitsitsa pamaso pa mpingo wonse, koma za nkhwani sindingatsutse. Chakudya chophika pakhomo chinayenda nafe kuchokera pamene tinadziwana mpaka pamene ankhoswe anagawana nkhuku. Chimene ndikufuna kulongosola n'chakuti kukoma kwa ndiwo pakokha sikukanandifikitsa pofunsira munthu banja. Mbale iliyonse imene inafika pakhomo panga inkandionetsa mtima wa wophikayo komanso anthu amene anamulera, ndipo anthu amenewo ndi amene ndikuwathokoza lero.

Ndisanadziwane naye bwino, ndinali ngati anyamata ambiri obwereka nyumba mumzinda muno: masana tchipisi cha pachiwaya, madzulo tiyi ndi buledi, ndipo mbaula inkayaka Lamlungu lokha. Tinkaimba kwaya imodzi, koma sitinkapitirira pa moni. Nyengo ina ya dzinja ndinadwala malungo, ndipo kuchipatala anandipatsa LA, mankhwala amene dziko lino linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 m'malo mwa Fansidar. Amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amagwira bwino ntchito ngati wodwalayo wadya chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono. Ine ndinalibe chilakolako cha chakudya, ndiponso ndinalibe mphamvu zokolezera moto. Anzathu a m'kwaya anagawana masiku ondiyendera, ndipo tsiku lake litakwana, iye anabwera ndi mng'ono wake atanyamula phala la mgaiwa lothira nsinjiro zambiri. Nditafunsa chifukwa chake nsinjirozo zinachuluka chotero, anandiyankha mwachidule kuti mtedza uli ndi mafuta amene mankhwalawo amafuna, ndipo anakhala pakhonde mpaka nditamaliza phalalo ndi kumwa mapiritsi. Kwa inu nonse a m'kwaya amene munakonza ndondomeko imeneyo, zikomo kwambiri. Simunadziwe chimene munkayambitsa.

Nkhwani wotchukayo anabwera pambuyo pake, chibwenzi chitayamba. Ndinkamuona akusadzula tsamba lililonse mofatsa mpaka ulusi wonse utachoka, kenaka n'kulidula tizidutswa ting'onoting'ono. Madzi ankathira ochepa kuti ndiwo zisakhale chubwichubwi, ndipo nsinjiro ankaziika pamwamba masamba atafewa, n'kuvundikira kaye osatakasa kuti zipse ndi nthunzi. Nsinjirozo sizinali zogula m'timapepala ta pamsika. Unali mtedza wa chalimbana umene agogo ake a ku Nkhoma ankalima, kusenda ndi kusankha okha, n'kuutumiza pa minibasi pamodzi ndi mfutso wa m'chikwatu ndi ufa woyera. Agogo, munandidyetsa kwa nthawi yaitali musanandione nkhope, ndipo tsiku limene ndinakugwadirani koyamba ndinali kale ndi ngongole kwa inu. Ndikuthokozanso apongozi anga, amayi ake, amene anaphunzitsa mwana wawo kuphika ndi kugawa chakudya mosayang'ana nkhope. Ndinaona kuti mbale imene ankatumiza kwa gogo wina woyandikana nawo inkadzaza mofanana ndi yanga, ndipo zimenezi zinandifika pamtima kuposa ndiwo zenizenizo.

Amayi anga ondibala, inunso muli ndi gawo lanu pa nkhaniyi. Anthu ena ankakunenani kuti mukuwononga mwana wamwamuna pomugwiritsa mthiko, koma inu munkati mimba siidziwa kuti mwini wake ndi mwamuna kapena mkazi. Munandiphunzitsa kudikira kuti phala libwate bwino ndisanathire ufa, kuvundula mpaka mibulu yonse ithe, ndi kunyowetsa chipande poomola kuti mitanda ituluke yosalala. Nditatsimikiza mtima kuti ndimufunsire banja, anzanga anandilangiza kuti ndipite naye kumalo odyera a ku City Centre, ndibise mphete, ndipezenso wojambula zithunzi. Sindikunyoza amene amachita zimenezo, pakuti aliyense ali ndi njira yake, koma kwa ife zikanakhala ngati kuvala malaya obwereka. Ndinapita kumsika wa Lizulu m'mamawa, ndinagula usipa, tomato, anyezi ndi mpiru, ndipo ndinaphika ndekha. Anabwera ndi mng'ono wake yemwe uja, monga mwa ulemu wa pakhomo pawo. Titatha kudya, mlamu wangayo anapempha kuti akatsuke mbale panja, ndipo anazitsuka nthawi yaitali modabwitsa. M'nthawi imeneyo ndinanena mawu anga, ndipo yankho limene ndinalandira linali lakuti ndikauze akwathu kuti akaonekere kwawo. Mlamu, zikomo chifukwa cha nzeru zanu za tsiku limenelo.

Kugwirizana kwa anthu awiri sikumanga banja pa mwambo wathu ngati akuluakulu sanakhalirepo pansi. Atsibweni anga, munasiya ntchito za kumunda ku Mitundu n'kuyenda maulendo okakumana ndi atsibweni a mkazi wanga, ndipo nkhani zonse munazikamba mwaulemu, popanda kukokanakokana. Tsiku limene ndinakaonekera, apongozi anapha nkhuku yachikuda. Ine ndinadyera m'nyumba ina pamodzi ndi alamu anga, monga amachitira mkamwini, ndipo nditavundukula mbale ndinapeza kuti andiikira nthutumba. Palibe amene anandiuza ndi pakamwa kuti andilandira, koma aliyense wokulira kuno amadziwa kuti nthutumba amapatsa mlendo amene amulemekeza. Ankhoswe athu, ntchito imene mwasenza si yamasewera. Lamulo la maukwati la 2015 limaika ukwati wachikhalidwe pa mlingo umodzi ndi wa kutchalitchi kapena wa kuboma, choncho mboni za banja lathu ndinu, ndipo tikadzasemphana mawu tidzayamba kugogoda pa zitseko zanu.

Pa chinkhoswe penipenipo, akwathu anapereka tambala, akuchikazi anapereka msoti, ndipo ankhoswe anagawana nkhuku yootcha anthu onse akuona. Mkazi wanga analandira lichero, mthiko, chipande ndi tsache, pamene ine ndinalandira khasu, nkhwangwa ndi chikwanje. Mphatso zimenezi tazilandira ndi manja awiri ndipo tikumvetsa chimene zikutiphunzitsa. Komabe ndinene mosabisa kuti m'nyumba mwathu mthiko uja tizigwira tonse. Tonse timagwira ntchito, tonse timalimbana ndi mzere wa minibasi madzulo, ndipo amene wayamba kufika ndi amene azitereka mphika. Atsikana amene munandifunsa mwanthabwala kuti ndiwo zokopera mwamuna ndi ziti, ndilibe dzina la ndiwo loti ndikupatseni, ndipo sindingalangize aliyense kuti azidzitopetsa kuphikira mnyamata amene chaka n'chaka satchula za kukaonekera kwa makolo.

Tsopano ndifike kwa inu amene munachezera usiku wonse wa Lachisanu. Amayi a chigwirizano cha kutchalitchi kwathu, munasankha mpunga wa kilombero, munasenda mbatatesi ya ku Dedza ndi kukonza nkhuku mpaka tambala woyamba. Azakhali a mbali zonse ziwiri, thobwa limene munaphika kutatsala masiku angapo linakoma moti migolo inauma dzuwa lisanapendeke. Anyamata a m'dera lathu munawaza nkhuni, munatunga madzi pamene mipopi inasiya kutulutsa m'mawa uja, ndiponso munavundula nsima m'miphika ikuluikulu imene munthu mmodzi sangaithe. Eni nyumba oyandikana nafe munatibwereka mabwalo anu, mipando ndi mafiriji, ndipo simunadandaule ndi phokoso. Ambiri a inu munadya pomalizira, mutaimirira, ena mwina simunalawe n'komwe nyama imene munaphika. Ambuye akubwezereni mowirikiza.

Miphika, mabeseni ndi mbale zonse zobwereka tazitsuka ndipo tayamba kale kubweza khomo ndi khomo. Patsala mphika umodzi waukulu wopanda chizindikiro ndi zipande ziwiri zimene eni ake sitikuwadziwa. Zili kwa apongozi anga ku Area 25, ndipo mwini wake atidziwitse kuti tidzabweretse tokha, tidzathokozenso pamaso.