Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Magazini ya Zinenero Zitatu ku Chennai

M'gawo lapitali ndinalongosola za ulendo wanga wa ku India ndi miyezi yoyamba ya maphunziro anga mumzinda wa Chennai, likulu la chigawo cha Tamil Nadu. Lero ndifotokoza za ntchito imene inandigwera m'chaka cha 2005. Koleji yathu inkatulutsa magazini kamodzi pachaka, ndipo magaziniyo inkakhala ndi zigawo zitatu: cha Chingerezi, cha Chitamil, chomwe ndi chinenero cha eni dera, ndi cha Chihindi, chimene ankalembamo makamaka ophunzira ochokera kumpoto kwa dzikolo. Akuluakulu a magazini atamva kuti ndisanachoke kwathu ndinagwirapo ntchito yotayipa pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre, anandiika m'gulu lokonza masamba, ngakhale kuti pa zinenero ziwirizo panalibe chilembo ndi chimodzi chomwe chimene ndinkatha kuwerenga.

Nkhani ndi ndakatulo zinkabwera pa madisiki ndi pa imelo, ndipo zambiri mwa izo tikazitsegula pa kompyuta ya mu ofesi ya magazini zinkaoneka ngati zilembo za Chingerezi zimene mwana wangozimenyamenya pa kiyibodi. Pamene wolemba anatayipa dzina la dziko lake, Bharat, ife tinkaona Hkkjr, ndipo pamene wina analemba dzina la chinenero cha Chitamil, ife tinkaona jkpo ndi kachizindikiro kumapeto. Mafayilowo sanali owonongeka ayi. Mafonti (masitayilo a kaonekedwe ka zilembo pa kompyuta) amene anthu ambiri ankagwiritsa ntchito masiku amenewo, monga Kruti Dev wa Chihindi ndi Bamini wa Chitamil, anapangidwa mwa kungochotsa chithunzi cha chilembo cha Chingerezi n'kuikapo chithunzi cha chilembo cha ku India. Kompyuta inkasunga d, koma munthu ankaona ka wa Chihindi. Fontiyo ikasowa pa makina a wolandira, chovala chinkavuka ndipo d uja ankaonekera poyera. Choipa kwambiri chinali chakuti wopanga fonti aliyense ankayala zilembo mmene wafunira, kotero kuti m'chigawo cha Chitamil chokha tinkalandira mafayilo a Bamini, a TSCII, komanso a TAM ndi TAB, njira ziwiri zimene boma la Tamil Nadu linavomereza mu 1999, ndipo iliyonse inkafuna fonti yakeyake.

Amene anandimasulira kayendedwe ka zilembozi anali mphunzitsi wa Chitamil, mayi wachikulire amene ankayang'anira chigawo cha chinenero chake. Tsiku lina atandipeza nditangoti kakasi pa sikirini, anakoka mpando n'kunena kuti, "Mwana wanga, simuyenera kudziwa tanthauzo la mawu kuti muone ngati alembedwa bwino. Phunzirani mmene zilembo zimagwiranirana." Anandionetsa kuti Chitamil chili ndi mavawelo 12, makonsonanti 18 ndi chilembo chimodzi chapadera chotchedwa aytham, ndipo konsonanti iliyonse ikaphatikana ndi vawelo iliyonse pamatuluka zilembo zina 216, zonse pamodzi n'kukhala 247. Kwa ine amene ndinaphunzira kuwerenga poimba maphatikizo a ba, be, bi, bo, bu, zimenezi sizinali zachilendo kwenikweni, kungoti kumeneko phatikizo lonse limalembedwa ngati chinthu chimodzi. Konsonanti ikaima yokha imakhala kale ndi liwu la a mkati mwake, ndipo kuti liwulo lichoke, Atamil amaika kadontho pamwamba kotchedwa pulli, pamene olemba Chihindi amaika kamzere pansi kotchedwa halant.

Vuto lenileni lagona pa malo a mavawelo. Mu zilembo za Devanagari, zimene Chihindi chimalembedwera, vawelo yaifupi ya i imatchulidwa pambuyo pa konsonanti, koma imalembedwa patsogolo pake, kumanzere. Mu Chitamil vawelo ya o imagawika pawiri, mbali ina kumanzere kwa konsonanti ndi mbali ina kumanja, konsonantiyo n'kukhala pakati. Komanso mu Devanagari makonsonanti awiri kapena atatu akatsatizana popanda vawelo amatha kusungunukirana n'kupanga chilembo chatsopano chosafanana ndi makolo ake. Choncho aliyense wofuna kuika zinenerozi mu kompyuta amayenera kusankha chimodzi: kusunga zilembo m'ndondomeko imene diso limaziona papepala, kapena m'ndondomeko imene pakamwa pamazitchulira. Mafonti akale aja anatsata diso, monga ankachitira makina otayipira a Remington, ndipo n'chifukwa chake wotayipa ndi Kruti Dev amayamba kumenya f, ndiyeno d, kuti apeze phatikizo la ki.

Njira inayo, yotsata pakamwa, inayambira ku India komweko. Akatswiri a dzikolo anakonza ndondomeko yotchedwa ISCII, imene bungwe loona za miyezo la Bureau of Indian Standards linaivomereza mu 1991, ndipo Unicode, ndondomeko ya padziko lonse yopatsa chilembo chilichonse nambala yake mu kompyuta, imene inatuluka koyamba chaka chomwecho, inatengera kumeneko kayalidwe ka zilembo za Devanagari, Chitamil, Chigujarati, Chibengali ndi zina, n'kupatsa mtundu uliwonse malo a zilembo okwana 128. Mu Unicode munthu amatayipa konsonanti, kenako vawelo, monga akulankhulira, ndipo ntchito yodumphitsa vawelo kupita kumanzere kapena yosungunula makonsonanti imatsala m'manja mwa kompyuta. Apa ndi pamene makina a nthawi imeneyo ankapunthwa. Windows 2000 inabwera ndi fonti ya Mangal ya Chihindi ndi ya Latha ya Chitamil, koma ngakhale pa Windows XP imene tinali nayo, munthu ankayenera kulowa m'malo osinthira zinenero n'kuchonga kabokosi kolola zilembo zovuta kuyala, apo ayi zinthu sizinkayenda bwino. Posakhalitsa ndinadziwa matenda ake ndi maso okha: timabokosi topanda kanthu tinkatanthauza kuti fonti palibe, kabwalo ka timadontho kankatanthauza kuti vawelo yasiyidwa yopanda konsonanti yoti itsamire, ndipo i akaima kumanja kwa konsonanti yake ndiye kuti pulogalamuyo sinkadziwa kusuntha zilembo. Zinkaseketsa anzanga kuti mlendo wosamva chinenero ndiye ankayamba kuloza mzere wolakwika.

Za makiyibodi sindichulutsa. Panali InScript, imene boma la India linakhazikitsa, yoika mavawelo kudzanja lamanzere ndi makonsonanti kudzanja lamanja pa zinenero zonse. Panali Tamil 99 ya boma la Tamil Nadu. Ndipo achinyamata ambiri ankakonda mapulogalamu monga Azhagi ndi Baraha, amene munthu amalemba mawu ndi zilembo za Chingerezi monga akumvekera, pulogalamuyo n'kuwasandutsa. Bambo wina wa mu ofesi ya koleji, amene anakalambira pa makina otayipira, sankafuna kumva za zonsezi, ndipo liwiro la zala zake linali lokwanira kutseka pakamwa aliyense womunyengerera kuti asinthe.

Chimene sindinayembekezere chinali chakuti mayi mphunzitsi aja sankaikonda Unicode, ndipo zifukwa zawo sizinali zaumbuli. Iwo ankati mwana wa Chitamil amaphunzira zilembo 247, chilichonse chili chathunthu, ndiye sankaona chifukwa choti kompyuta izidula chilembo chimodzi kukhala zidutswa ziwiri pongofuna kuti Chitamil chiyalidwe mofanana ndi Devanagari. Maganizo amenewa anali ofala pakati pa akatswiri ena a Chitamil, omwe ankafuna kuti phatikizo lililonse lipatsidwe nambala yakeyake, ndipo m'chigawo chimene anthu anachitapo zionetsero zazikulu mu 1965 pokana kukakamizidwa Chihindi, nkhani yotere sinkathera pa kompyuta pokha. Mphunzitsi wa zamakompyuta, bambo wachinyamata, ankayankha mwaulemu kuti ndakatulo yosungidwa mu Bamini singapezeke munthu akaifufuza pa intaneti, mawu ake sangasanjidwe motsata alifabeti, ndipo tsiku limene fontiyo idzasowe, ndakatuloyo idzasowa nayo limodzi.

Ine ndinaima ndi bambo wa zamakompyuta, ndipo mpaka pano sindinasunthe, ngakhale ndimavomereza kuti dandaulo la mayi aja linali ndi mutu. Ndinali nditaona kale kanthu kakang'ono kofanana ndi zimenezi ku Blantyre, kumene chilembo cha ŵ chinkasanduka kabokosi kapena funso fayilo ikachoka pa makina ena kupita pa ena, mpaka otayipa ambiri anangozolowera kuchisiya. Ngati chilembo chimodzi chinkativuta chotero, anthu a zilembo mazanamazana sakanapita patali aliyense akuyenda ndi fonti yake m'thumba. Ndondomeko imodzi yokhala ndi zilema, imene makina onse padziko akuimva, inkandionekera yopindulitsa kuposa ndondomeko zisanu zokongola zosamvana.

Komabe magazini ya chaka chimenecho sinasindikizidwe ndi Unicode. Pulogalamu yokonzera masamba imene osindikiza athu ankagwiritsa ntchito sinkatha kuyala zilembo za ku India zosungidwa mwa njira yatsopanoyo, choncho tinasandutsa nkhani zonse za Chitamil kuti zikhale mu fonti imodzi yakale, za Chihindi mu Kruti Dev, ndipo aphunzitsi anawerenganso tsamba lililonse chifukwa mapulogalamu osandutsira ankamwaza mavawelo ena. Chimene tinapambana, titakambirana kwa nthawi ndithu, chinali chilolezo chosunga kope lachiwiri la nkhani zonse mu Unicode, ndipo kope limenelo ndi limene linaikidwa pa tsamba la intaneti la koleji. Mayi mphunzitsi anavomera pokhapokha titawalonjeza kuti adzaliona okha pa kompyuta ya kunyumba kwawo tisanalengeze kwa ophunzira. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza za ulendo wa pa sitima umene gulu lathu linayenda kupita ku mzinda wa Madurai magaziniyo itatuluka.