Ulendo wa chotupa cha mng'ono wanga, kuchokera ku Mangochi mpaka ku Queens

Mng'ono wanga, mtsikana wa zaka 24, ankati akangodya nsima pang'ono wakhuta, ndipo kumanzere pansi pa nthiti kunkamulemera. Kuno kunyanja munthu akadandaula malo amenewo aliyense amati ndi kapamba wa malungo. Nafenso tinkaganiza choncho.

Pachipatala cha boma pa Mangochi anamuunika m'mimba ndi sikani yopaka mafuta ija. Adokotala anandiitana: "Mayi, si kapamba wotupa ndi malungo uja. Chotupa chili pa pancreas, kachiwalo kobisala kuseri kwa chifu kamene kamatulutsa insulin, timadzi tochepetsa shuga m'magazi." Pachichewa zonsezi timangoti kapamba, n'chifukwa chake ndinawapempha kuti alembe dzinalo m'buku lake la kuchipatala. Nanunso chitani chomwecho, chifukwa kulikonse mukafike akakufunsani.

Kalata yotitumiza inatipititsa ku Zomba Central, kenako ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukajambulitsa CT, sikani yoonetsa bwino za m'kati mwa thupi. Anamuyeza kaye impso, chifukwa mankhwala obaya pojambulawo amatuluka kudzera mu impso. Chithunzi chinaonetsa chotupa chokhala ndi mnofu kwina, madzi kwina, kumchira kwa pancreas. Anati akuganizira solid pseudopapillary neoplasm, khansa yosowa imene imagwira makamaka atsikana ndi amayi achichepere. Mawu oti khansa atangomveka, miyendo inandizizira. Koma anatifotokozera modekha kuti mtundu umenewu umakula pang'onopang'ono, ndipo ambiri amachira chikachotsedwa chonse.

Kudikira tsiku la opaleshoni ndiye kunatiwawa koposa. Ine gadiyani ndinkagona pamkeka, kuphika, kusunga mapepala onse m'jumbo imodzi. Pepala lililonse ndinkalijambula pafoni, ndipo zinatithandiza tsiku lina kalata itanyowa ndi mvula.

Anadula mchira wa pancreas pamodzi ndi kapamba wa malungo uja, poti mitsempha ya magazi ya kapambayo imadutsa pomwepo. Chotupacho chinapita ku labu, ndipo zotsatira zinatsimikiza zimene ankaganiza.

Tsopano tili kwathu. Munthu wopanda kapamba malungo amatha kumugwira mwamphamvu, ndiye neti sitichita nayo masewera, ndipo thupi likangotentha tsiku lomwelo tili kuchipatala kukayezetsa. Shuga amamuyezanso nthawi ndi nthawi. Mwezi wamawa tikwera minibasi yam'mamawa kubwerera ku Blantyre kukaonedwanso.