Tsiku limene ndinapumitsa kampani yonse pantchito

Ndikufuna kukonza bodza limene ena a inu mwakhala mukufalitsa: ine sindinachotse munthu aliyense ntchito. Ndinangowapumitsa, onse 412, m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi, ndipo kusiyana kwa zinthu ziwirizi n'kofunika kwambiri kwa ine.

A ku ofesi yoona za antchito anandipempha kuti ndisinthe mzere umodzi wokha mu database (nkhokwe ya mbiri ya antchito pakompyuta) yathu ya PostgreSQL, wa bambo wina amene zaka zake zopumira zinali zitakwana. Lamulo lake la SQL, chinenero cholamulira database, lili ndi zigawo zitatu: UPDATE amatchula tebulo, SET amanena chimene chisinthe, ndipo WHERE amanena kuti chisinthe kwa yani. Ndinalemba zonse zitatu, chilichonse pamzere wake, ndipo mboni zilipo. Koma pgAdmin, pulogalamu imene ndimalembamo malamulowa, mukasankha mawu ena ndi mausi, amayendetsa okhawo amene mwasankha, ndipo tsikulo dzanja langa linatopera pamzere wachiwiri. WHERE anatsala panja.

Yankho linabwera mwaulemu kwambiri: UPDATE 412. Ndinaliyang'ana nthawi yaitali ndithu, ndikudziuza kuti mwina 412 ndi nambala ya bambo aja. Kenaka ndinalemba ROLLBACK, amene amabweza zinthu mmene zinalili, koma PostgreSQL anandichenjeza kuti palibe transaction (ntchito yosasungidwa imene ingabwezedwe) imene ili m'kati, chifukwa sindinayambe ndi BEGIN, amene amaitsegula, ndipo autocommit, amene amasunga lamulo lililonse likangoyenda, anali atasunga kale zonse. Ndinalembanso ROLLBACK kachiwiri, ndikudinda mabatani mwamphamvu kuposa poyamba, ngati kuti makinawo anali asanandimve.

Ndinafufuza m'tebulo kuti ndione kukula kwa ngoziyo. Abwana aakulu anali atapuma. Mtsikana wophunzira ntchito, amene anali atakhala nafe masabata atatu okha, anali atapumanso, atatumikira mokhulupirika masiku 21. Pomaliza ndinadzifufuza ndekha, ndipo ndinapeza kuti nanenso ndinali nditapuma kuyambira 12:07 masana.

Apa m'pamene nkhani inakula. Makadi otsegulira zitseko ndiponso maakaunti olowera m'makompyuta amawerenga tebulo lomwelo mphindi zochepa zilizonse, ndipo wopuma saloledwa kulowa. Onse amene anali atatuluka panja anatsekeredwa komweko. Ine ndinazindikira kuti kompyuta yanga ikangodzitseka, monga imachitira ikakhala mphindi zisanu osakhudzidwa, sindikanathanso kuitsegula, ndipo nane limodzi ikanatsekeka njira yokhayo yolowera mu database imene inali itatsala yotsegula. Choncho ndinayamba kugwedeza mausi. Ndinaigwedeza ndi dzanja lamanja uku ndikuyankha foni ndi lamanzere. Ndinaigwedeza ndi chigongono pamene ndinkalemba. Nditafuna kupita kukadzithandiza, ndinayeza mtunda ndi maso, ndinawerengera masitepe, ndipo ndinakumbukira kuti chitseko cha kumeneko nachonso chimafuna khadi pobwerera. Ndinakhala pansi. Sindikukhulupirira kuti m'mbiri yonse ya makompyuta munakhalapo mausi ina imene inasisitidwa mwachikondi chotere.

Abwana anaimba ali pakhomo. Anandifunsa kuti, "Kodi chitsekochi chatani?" Ndinayankha kuti, "Bwana, chitseko chili bwinobwino, koma malinga ndi zimene makina akuonetsa, inuyo munapuma pantchito." Anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anafunsa kuti anawapumitsa ndani, ndipo ndinawauza kuti nkhaniyo ikufufuzidwa.

Tsopano ndiloleni ndinene mbali yanga, popeza palibe amene waifunsa. Edgar Codd wa ku IBM atafotokoza mu 1970 njira yosungira zinthu m'matebulo olumikizana, mphamvu yake inali yoti lamulo limodzi lizigwira mizere yambiri nthawi imodzi. Zimenezo ndi zimene ndinaonetsa, ndipo zinagwira ntchito popanda cholakwika chilichonse. Komanso UPDATE wopanda WHERE ndi lamulo lovomerezeka mu SQL, moti makina salifunsa kawiri. Opanga MySQL, database ya mtundu wina, anadziwa kuti anthu ngati ine tilipo, ndipo anaika chotchinga chokana lamulo lotere, chimene dzina lake lina ndi --i-am-a-dummy, kutanthauza kuti munthu akuvomera yekha kuti ndi chitsiru. Ndikanakhala nacho tsiku limenelo ndikanachivomera ndi mtima wonse.

Chinandipulumutsa ndi backup, kope la database limene pulogalamu ya pg_dump inasunga usiku wapitawo. Ndinaibwezeretsa mu database ina yapambali, ndinakopera tebulo lakalelo, ndipo ndinalumikiza matebulo awiriwo pa primary key, nambala yapadera ya mzere uliwonse, kuti aliyense abwerere mmene analili. Ulendo uno ndinayamba ndi BEGIN, ndinawerenga zotsatira katatu, ndipo ndinalemba COMMIT, amene amasunga zosinthazo, chala chikunjenjemera. Pofika 13:40 kampani yonse inali italembedwanso ntchito, ndipo palibe amene anandithokoza ngakhale kuti sipanakhalepo munthu wina amene analemba ntchito anthu 412 tsiku limodzi.

Patapita masiku anayi, a ku ofesi ija anaimbanso kufunsa chifukwa chimene bambo opuma aja ankaonekerabe kuti ali pantchito. Ndinali nditawabweza pamodzi ndi ena onse. Ndinawauza kuti ndikonza Lolemba.