Utuchi kuseri, moto kukhomo

Galaja yathu ndi ya mamita 6 m'litali, m'lifupi mamita 3 ndi theka. Malemu bambo athu anaimangira kapikapu kamene ankanyamulira nsomba zouma kuchokera ku Makawa kupita nazo ku Limbe. Kapikapuko kanagulitsidwa bambo asanatisiye, ndipo kwa zaka zingapo m'galajamo munkagona nkhuku, njinga yakufa ndi matumba a chimanga.

Ine ndine kalipentala. Luso ndinalitola kwa amalume, pansi pa mtengo wa mango, kumene shopu yonse inali benchi imodzi ndi bokosi la zida. Mng'ono wanga ndiye wa zitsulo. Anabwerako ku Joni nthawi ya Covid ntchito itamuthera, atanyamula makina owotcherera aang'ono aja okolekera paphewa, galayinda, ndi chipewa cha galasi lakuda. Kuno ku Mangochi palibe amene sadziwa kuti nyumba zambiri zamalata zimene zikumera ku Namwera, ku Makanjira ngakhale pano paboma ndi za ndalama za anyamata a ku Joni. Nyumba iliyonse imafuna zitseko zamatabwa, mafelemu achitsulo ndi mabagalaba a m'mawindo. Mwini nyumba ankayenda kawiri, kwa kalipentala uku, kwa wowotcherera uko. Ife tinati zonse azizipeza pakhomo limodzi.

Amati mutu umodzi susenza denga. Chimene sananene n'chakuti denga likachepa mitu iwiri imagundana. Miyezi yoyamba chilichonse chinkakhala pomwe chagwera. Payipi yachitsulo imabwera ya mamita 6, ndiye kuti ikalowa m'galaja imagunda khoma lakuseri kwinaku ikutsekereza chitseko. Ankaigoneka pansi, ine n'kumaidumpha nditanyamula thabwa. Tepi yoyezera inali imodzi, ndipo theka la mikangano yathu linali la tepi imeneyo.

Chenjezo loyamba linabwera ndi chitseko cha mlombwa. Anachiitanitsa ndi mayi wina wa ku Malindi, ndalama atatumiza mwana wawo pa Mukuru. Ndinachipala, n'kuchikwecha ndi sandipepa mpaka kusalala ngati galasi, kenako n'kuchiimika pakhoma kuti ndichipake vanishi m'mawa. Madzulo omwewo mng'ono wanga anali akusalaza felemu ndi galayinda chapafupi pomwepo. Fumbi la chitsulo silioneka likagwera pathabwa, koma likakumana ndi chinyezi limatulutsa timadontho takuda ndi tadzimbiri. Ndinazindikira nditapaka kale vanishi. Ndinachipalanso chonse, masiku awiri n'kupita pachabe. Tinakalipirana, koma sitinasunthe kanthu.

Chimene chinatisuntha ndi moto. Unali usiku wa mu Okutobala, nthawi imene kuno munthu umagona pamkeka pakhonde chifukwa m'nyumba simugoneka. Amayi akunyumba anandigwedeza.

"Abambo, tadzukani. Kodi mwasiya chiyani pamoto?"

"Pamoto pati usiku uno?"

"Kukununkha utsi wa matabwa, si wa makala ayi."

Nditatsegula galaja sindinaone malawi. Pansi pa benchi langa mulu wa utuchi unali ukunyeka mwakachetechete, mkati mwake muli psuu, ndipo mwendo umodzi wa benchi unali utayamba kale kuda. Pashelefu ya pamwamba pake panali chigubu cha thinala. Mng'ono wanga anali atadula chitsulo chomaliza cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo apa n'kuti ili pafupi 11. Kambaliwali kamodzi kanakhala mu utuchimo maola onsewo. Tinazimitsa ndi ndowa ziwiri za madzi, koma sindinagonenso.

M'mawa mwake tinatulutsa zonse panja, mpaka anthu odutsa ankafunsa ngati tikusamuka. Tinasesa, ndipo ndinatenga choko n'kujambula mzere pansi, mamita 2 kuchokera pachitseko. Kuseri kwa mzerewo ndi kwa matabwa. Kuchokera pamzere kufika pakhomo ndi kwa zitsulo zozizira: vayisi, kuyeza, kuboola. Chilichonse chothetheka moto, kaya kuwotcherera kaya galayinda, chimachitikira panja, pansi pa khonde la malata anayi limene tinamanga sabata yomweyo. Chitseko chathu chinayang'ana kummwera, choncho mwera ukayamba mu Juni umakankhira mbaliwali m'kati. Mng'ono wanga anapanga chotchinga cha lata pa felemu ya miyendo iwiri, chimene timachiimika pakati pa iye ndi khomo. Chimatetezanso maso a ana a sukulu amene amaima pamsewu kuonerera kuwala kwa makina.

Pansi tinapasiya popanda kanthu, katundu yense anakwera m'makoma. Kukhoma lakumanzere kuli mikono yachitsulo itatu yotuluka m'khoma, pamwamba pa mutu wa munthu, ndipo mapayipi amalowa molunjika kuchokera pamsewu osapindika paliponse. Kukhoma lakumanja kuli matabwa. Amenewa ndimawasamala kuposa china chilichonse, chifukwa chiswe cha kuno sichichita manyazi, chimatulukira ngakhale mumng'alu wa simenti. Thabwa lapansi kwambiri lili pamtunda wofika m'bondo, siligunda khoma, ndipo pakati pa thabwa ndi linzake ndimaikapo timitengo kuti mphepo izidutsa. Paini wa ku Chikangawa nthawi zina amafika asanaumitsitse. Ukamuunjika chonchi osapatula amapindika, ndipo chitseko chopangidwa ndi thabwa lotero chimakakana kutsekeka chili kale kwa mwini wake. Khoma lakuseri tinaliboola n'kuikapo windo lalikulu kuti ndizionera pogwira ntchito komanso fumbi lizituluka. Thinala, vanishi ndi penti zinachoka m'galaja, zili m'kabati yachitsulo kuseri kwa nyumba, pamthunzi. Pakhomo pali ndowa ya mchenga.

Zida zam'manja zili pabolodi. Chilichonse ndinachizunguliza ndi penti pamalo pake, hamala, sowo, sikweya, matchizulo, moti chikasowa chithunzi chake chimakuyang'ana. Anansi obwereka hamala anachepa okha, chifukwa amaona kuti ndidziwa lisanalowe dzuwa. Matepi tinagula awiri.

Kukhala pakati pa nyanja ziwiri, ya Malawi ndi ya Malombe, Shire akudutsa pakhomo, n'kokoma kwa alendo. Kwa chitsulo ndi dzimbiri lokhalokha, makamaka m'dzinja. Marodi owotcherera akayamwa chinyezi amamatirira ndi kulavula, ndiye timawasunga m'chitini cha penti chotsekeka bwino. Zida za mng'ono wanga amazipukuta ndi oyilo wakale wa galimoto. Zanga ayi, oyiloyo amadetsa thabwa. Pasowo ndi kunsi kwa puleni ndimapakapo kandulo. Ntchito imeneyi ndi ya Lachisanu: mnyamata amene tikumuphunzitsa akapita ku mzikiti masana, ife timazimitsa makina, n'kunola, kupukuta ndi kubwezera chilichonse pamalo pake.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Kuzimazima kwa magetsi kumeneko kunatiphunzitsa kugawa nthawi monga tinagawira malo. Magetsi akayaka, bwalo ndi la mng'ono wanga, ndipo ine ndimamugwirira zitsulo, matabwa osalazidwa nditawafunditsa nsalu. Akazima, ndi nthawi ya puleni ndi tchizulo, iye n'kumandigwirira chitseko pomanga. Magetsi atabwerera mwakale sitinasinthe. Mpaka lero galayinda ndi vanishi sizigwira ntchito tsiku limodzi, ndipo moto wonse umazima ola lathunthu tisanatseke. Ola limenelo timasesa, utuchi n'kuuthira m'matumba. Amatenga oweta nkhuku.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa mapayipi, marodi ndi guluu unakwera moti zidutswa zimene tinkataya zinasanduka chuma. Tinadula migolo iwiri pakati. Zidutswa zachitsulo zimalowa molingana ndi kutalika kwake, zamatabwa chimodzimodzi. M'migolo imeneyi ndi mmene munatuluka katundu amene akutidyetsa pano: timipando ndi madesiki a miyendo yachitsulo, pamwamba thabwa la paini. Chiswe sichifika pathabwa, ndipo mwana wa sukulu ngakhale adumphepo miyendo sigwedera. Ndi katundu yekhayo amene tonse awiri timaikapo dzanja, ndipo sindibisa, amandisangalatsa kuposa zitseko za mlombwa zimene ndinkanyadira.

Panopa mkangano ulipo ndi wa sowo yamagetsi ya patebulo. Pali wina ku Liwonde akugulitsa yakale, ndipo ingandipulumutse ku ulendo wokadulitsa matabwa kumsika n'kubwera nawo pakabaza. Mng'ono wanga akuti, "Achimwene, gulani, malo tiona konko." Ine mawu amenewo ndinawamvapo kale. Ndajambula ndi choko kukula kwa tebulolo pansi, kuseri kwa mzere, pamodzi ndi mpata woti thabwa lizilowera ndi kutulukira, ndipo tagwirizana kuti tigwire ntchito masabata awiri osapondamo. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi. Iye wapondamo katatu akutsitsa payipi, ine kamodzi.